Dzina la Noeline pa Mgolo wa Mowa

Cha m'ma naini koloko m'mawa chifunga chinali chisanachoke pa mtsinje wa Derwent, ndipo kunkazizira moti zala zinkakana kumanga zingwe za nsapato. Linali Loweruka la chikondwerero cha mowa wa hopu watsopano, chomwe tauni yathu imachita chaka chilichonse alimi akangomaliza kukolola hopuyo, mbewu yoyanga imene maluwa ake amapatsa mowa fungo ndi kuwawa. Ine ndinali ndisanapiteko ndi kamodzi komwe. Ndimamwa botolo limodzi madzulo, mowa womwewo umene bambo anga ankamwa, ndipo sindinaonepo chifukwa cholipirira pageti kuti ndikamwe choimirira mu msipu wa ng'ombe. Koma tsiku limenelo ndinavala jekete, chifukwa mlamu wanga Coral anali atandiimbira kale foni.

"Alamu, mwaliona dzina la mchemwali wanga?"

"Ndaliona."

"Pa mowa, Alwyn. Pa mowa! Lili pa positi ofesi, lili pa zenera la butchala. Dzulo mayi wina wa kutchalitchi wandikokera pambali kundifunsa ngati Noeline ankamwa mobisa. Mukapanda kukalichotsa inu, ndikalichotsa ndekha, ndipo ndipita ndi ambulera yanga."

Ambulera ya Coral si ya mvula. Agalu a mu msewu wawo amaidziwa.

Mkazi wanga Noeline anamwalira zaka zitatu zapitazo. Moyo wake wonse sanalawepo mowa. Ali kamtsikana analumbira ku tchalitchi cha Methodist kuti sadzamwa, ndipo pa ukwati wathu alendo anatifunira mafuno abwino atakweza makapu a tiyi. Botolo langa la madzulo ankalilola monga momwe munthu amalolera chifuwa cha mnzake.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli chimbudzi chakale cha matabwa. Tinasiya kuchigwiritsa ntchito madzi a m'mipope atabwera, koma dzenje lomwe zonse za m'nyumba zimatsikira lidakali pambali pake. Titangokwatirana, Noeline anakumba muzu wa hopu ku famu yomwe ankakololako ali mtsikana, nauwoka pamenepo kuti alendo akamamwa tiyi pakhonde asamaone chimbudzicho. Hopuyo anakondwera nawo malowo. Chaka chilichonse ankakwera mpaka padenga, ndipo chaka chilichonse Noeline ankamudula uku akumunyoza chifukwa chomukanda m'mikono.

Kenako kunabwera Fergus Maddock. Fergus ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku Melbourne, mpaka tsiku lina mtima wake unamuuza kuti iye ndi wofulula mowa. Anagula nyumba yakale youmitsiramo hopu kumapeto kwa msewu wathu, naikamo matanki onyezimira, nasiya kumeta ndevu. Si munthu woipa. Amapereka moni, amathandiza amayi okalamba kunyamula katundu, koma chilichonse chomwe waona amachiyang'ana ngati akuchiyeza kuti chingakwane pa chitini.

Mwezi watha anasuzumira pa mpanda wanga, nathyola duwa limodzi la hopu, kulifikisa m'manja, kulinunkhiza atatsinzina.

"Bambo Triffitt, mukudziwa chomwe muli nacho apa? Mtundu uwu unatha m'mafamu onse. Anabzala ndani?"

"Malemu mkazi wanga, Noeline."

"Noeline," iye anatero, ngati akulawa dzinalo. "Ndingathyoleko?"

"Thyolani. Chitani naye zomwe mukufuna."

Ine ndinkanena hopu. Patapita masabata ochepa ndinaona chipepala pa zenera la butchala. Panali pojambulidwa mayi wa mpango wofiira, mikono ngati ya wosula zitsulo, atakweza chikho cha mowa chochita thovu. Pansi pake analemba kuti Noeline anali mayi wolimba mtima wa m'chigwa chino, amene ankafulula mowa mobisa m'kanyumba kochapira kuti okolola hopu apeze chotsitsira fumbi kukhosi. Noeline wanga anali wamfupi, woonda, ndipo m'kanyumba kochapira ankachapiramo.

Chinandidzutsa pampando si chipepalacho chokha. Pa chikondwererochi aliyense amalandira kachitsekerero ka botolo pageti, n'kukaponya mu mtsuko wa mowa umene wamukomera koposa. Mowa wopambana amauthira m'zitini n'kumaugulitsa m'masitolo a pa chilumba chathu chonse chino. Mowa wa Fergus ukanapambana, Noeline akanaima m'mafiriji kuyambira mumzinda wa Hobart mpaka wa Launceston, chikho chili m'manja.

Ndinalipira pageti, ndipo anandimanga kalamba ka pepala pamkono ngati wodwala, n'kundipatsa katambula kakang'ono konga komwera mankhwala. Msipu wonse unali matenti okhaokha. Utsi wa masoseji unkasakanikirana ndi chifunga. Abambo a ndevu, ana awo akhanda atawamangirira pachifuwa, ankayenda tenti ndi tenti, ndipo palibe amene ankangomwa. Munthu ankayamba wakweza tambula kuloza kumwamba, kuipukusa, kulowetsamo mphuno, kenako n'kulemba mu foni.

"Ndikumva mango," anatero wina pafupi nane.

"Ine ndikumva mtengo wa paini mvula itangokata," anayankha mnzake.

Panali mowa wothira nkhono za m'nyanja, mowa wothira keke ya kokonati, ndi mowa wowawasa dala, umene bambo anga akanaubweza kwa mwini bala n'kumuuza mawu. Aliyense wa mowawu anali ndi nkhani yake yolembedwa pa bolodi. Agogo a wina anali woba nkhosa. Madzi a wina ankachokera pa kasupe amene anapezedwa ndi galu. Ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma ntchito, koma sindinkadziwa kuti chigwa chathu chinali ndi ngwazi zochuluka chotere, ndiponso kuti zonse zinali ndi ludzu.

Tenti ya Fergus inali pakati penipeni. Pa bolodi lakuda analemba ndi choko, zilembo zikuluzikulu, NOELINE. Mkazi wake Saskia ankathira mowa kuchokera mu mgolo. Pamzere panali anthu, koma osati ambiri. Mtsuko wa zitsekerero unali ndi zongophimba pansi.

"Madala!" Fergus anafuula, nandikumbatira ndisanakonzeke. Ndevu zake zinkanunkhira mafuta a malalanje. "Mwabwera! Saskia, athirire madala, awa ndi eni ake."

"Sindinabwerere mowa, Fergus. Ndabwerera dzina. Lichotse."

Anandiyang'ana ngati ndamupempha impso.

"Koma bambo Triffitt, tikuwalemekeza mayi."

"Mkazi wanga sankamwa."

"Ngakhale pang'ono? Pa Khirisimasi?"

"Pa Khirisimasi ndiye ankapemphereranso omwa."

"Eya, koma mzimu wa nkhaniyo ndi woona," anatero Fergus, atagwira pamtima. "Mayi, nthaka, manja ake. Onani madala, mowa wabwino uli m'tenti iliyonse pano. Anthuwa sagula mowa, amagula nkhani. Popanda nkhani, awa ndi madzi owawa basi."

"Ndiye lembapo dzina langa. Ine ndimamwa."

Fergus anayang'ana Saskia, Saskia anayang'ana mgolo.

"Musakhumudwe madala, koma munthu wamoyo sagulitsa mowa."

"Ndiye udikire pang'ono. Sinditenga nthawi yaitali."

Anaseka kwambiri, nandimenya paphewa, nati ndine woseketsa. Kenako nkhope yake inawala.

"Ndapeza! Masana ano pali mwambo wa alimi. Wolima hopu aliyense amakwera pa nsanja n'kunena mawu pang'ono za mbewu yake. Mukwere inuyo. Mukanene za mayi ndi pakamwa panu. Anthu akalira, madala. Ndikulumbira akalira."

Ndinatsala pang'ono kukana. Sindikonda kuyankhula za Noeline pagulu, ndipo pa maliro ake ndinangothokoza anthu chifukwa cha masangweji. Koma ndinayang'ana amuna aja akununkhiza matambula awo mwaulemu ngati ali pa mgonero, ndipo ndinaganiza kuti anthu a mphuno zosamala chotere sangapirire choonadi.

"Ndikwera," ndinatero.

Dzuwa litafika pamutu chifunga chinabalalika, ndipo Coral anatulukira. Anakana kumangidwa kalamba pamkono, nakana katambula, ndipo mnyamata wa pageti anaona ambulera ija n'kuganiza kuti lamulo si chinthu chofera. Anandipeza kuseri kwa nsanja.

"Likadalipo," anatero, akuloza bolodi ndi nsonga ya ambulera.

"Dikirani, alamu. Ndikuti ndiuphe mowawo."

"Muupha ndi chiyani, ndi ulemu wanuwo? Inu ngakhale ntchentche mumaipempha kaye kuti ituluke."

Nsanjayo inali lole yopanda mbali. Asanandiitane ine, anayankhula alimi awiri. Wina anati hopu wake amamva nyimbo. Wina anati amadzuka m'bandakucha kukamupatsa moni. Anthu anawomba m'manja ndi dzanja limodzi pa ntchafu, poti lina linali ndi tambula. Kenako Fergus anatenga chinkuzamawu, natsitsa mawu ngati mbusa pa manda.

"Abale, mowa wathu wa chaka chino uli ndi dzina la mayi. Mwamuna wake ali pano."

Ndinakwera. Ndinaimirira monga ndinkaimirira m'kalasi Lachisanu masana.

"Dzina langa ndine Alwyn Triffitt. Zomwe mwawerenga pa chipepala chija ndi zabodza. Mkazi wanga sanafululepo mowa. Sanaumwepo. Ankati umanunkha ngati galu wonyowa. Akanakhala pano lero, bwenzi akukugawirani timapepala ta ulaliki ndi kukulandani anawo."

Ndinayang'ana Fergus, n'kupitiriza.

"Hopu amene mukumwayo sanamubzale chifukwa chomukonda. Anamubzala kuti abise chimbudzi. Chimbudzi chakale cha matabwa, chopendekeka, chomwe chili kuseri kwa nyumba yanga. Ndipo ngati mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani amakula bwino chotere, mizu yake ili pa dzenje lomwe zonse za m'nyumba mwanga zimathera. Sindinamuthirepo feteleza. Sipanakhale chifukwa. Zikomo."

Ndinabwezera Fergus chinkuzamawu. Kwa kanthawi ndinamva mtendere wa munthu amene wamaliza ntchito. Mtsikana wina kutsogolo anayang'ana m'tambula yake. Bambo wina anasiya kumeza, masaya ali otupa.

Kenako kumbuyo wina anakuwa: "Ndiye kuti ndi mowa wa kuchimbudzi?"

"Eya," ndinayankha popanda chinkuzamawu.

Msipu wonse unaphulika. Anaseka mpaka ana a pachifuwa anadzuka n'kuyamba kulira. Bambo wa masaya uja anameza, nanyambita milomo, nauza mnzake kuti, "Ndimadabwa! Ndimamva kanthaka-nthaka kumapeto kwake." Mnzakeyo anavomera kuti iyenso anakamva kalekale, kungoti sanafune kudzitama. Mafoni anakwera m'mwamba kundijambula. Ndisanatsike pa lole, anthu anali atayamba kale kukhamukira ku tenti ya Fergus, ndipo mzere unakhota kudutsa pa masoseji mpaka kukafika pa zimbudzi zenizeni za pulasitiki, mwakuti ena anaima pa mzere wolakwika osadandaula.

Coral anandilandira pansi pa lole.

"Mwaupha," anatero. "Taonani mmene wafera."

Tinapita kukaima pambali pa tenti. Saskia ankathira ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Ndinatchera khutu kumva mmene ankaitanitsira.

"Wa kuchimbudzi uja, awiri."

"Mundithirireko wa dzenje."

"Achemwali, wa agogo a chimbudzi aja ukadalipo?"

Zitsekerero zinkagwera mu mtsuko ngati matalala padenga. Fergus anaima kumbuyo, akumvetsera ngati ine, milomo ikuyenda. Ndinamuona akuyang'ana bolodi, kuyang'ana mzere, kuyang'ananso bolodi. Kenako anakoka mkono wa malaya ake mpaka kuphimba chikhatho, nafufuta NOELINE. Anangopititsa mkono kawiri. Anatola choko nalemba KUSERI KWA CHIMBUDZI, najambula kanyumba kopendekeka pambali pake. Anthu anaimba mluzu. Saskia anamatula chipepala cha mayi wa mikono ija, nachipinda, nachiyika pansi pa mwendo wa tebulo womwe unkagwedera.

"Basi?" anatero Coral.

"Basi. Lachoka."

"Ndi mkono wa malaya? Ngati samu yolakwika?"

"Si zimene timafuna, alamu?"

Coral anayang'anitsitsa bolodi, pomwe mchira wa chilembo chomaliza unkaonekabe pang'ono pansi pa kanyumba kaja.

"Mchemwali wanga anaimba limba m'tchalitchi moyo wake wonse," anatero. "Anaphikira maliro a theka la tauni ino. Lero wapikisana ndi chimbudzi, ndipo chimbudzi chapambana."

Fergus anatiwona, nabwera akuthamanga ndi matambula awiri odzaza.

"Madala, ndinu katswiri! Bwanji simunandiuze poyamba? Nkhani ya mayi ija inali yabwino, koma mayi wolimba mtima ali m'tenti iliyonse. Chimbudzi tili nacho ndife tokha!" Anatembenukira kwa Coral. "Amayi, mulaweko?"

Coral anakweza ambulera pang'ono chabe. Fergus anabweza tambulayo pachifuwa pake.

"Dzina lija silibwereranso?" ndinafunsa. "Pa chitini, pa chipepala, paliponse?"

"Dzina liti? Aa, la mayi. Ayi madala, musade nkhawa. Lingangosokoneza anthu."

Ndinalandira tambula yanga, poti inali itaperekedwa kale. Ndinamwa osapukusa, osaloza kumwamba. Sindinamve mango, sindinamve paini, ndipo dzenje sindinalimve. Unali mowa wabwino, ndiyenera kuvomera. Fungo lake linali la m'khitchini mwathu mwezi wa Malichi, Noeline akalowa kuchokera kuseri, mikono ili yofiira ndi mikwingwirima, akufunsa komwe ndaika mafuta odzola. Ndinamaliza, n'kubweza tambula.

"Bwanji?" anafunsa Fergus.

"Wazizira bwino," ndinatero.

Kachitsekerero kanga ndinabwerera nako kunyumba m'thumba la jekete. Sikanafunike n'komwe. Ndinamva madzulo, ndikutsuka mbale, chinkuzamawu chikulengeza kutsidya kwa mtsinje kuti mowa wa Kuseri kwa Chimbudzi wapambana, ndipo anthu anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Coral anaimba foni kunena kuti mayi wa kutchalitchi uja tsopano akufunsa ngati ndi zoona kuti ine ndinaledzera n'kuyankhula za zimbudzi pa lole. Ndinamuuza kuti avomere, nkhani ithe.

M'mawa mwake ndinatulutsa makwerero, wilibala ndi mpeni wokhota wa Noeline. Nyengo yodula hopu inali itakwana, masamba atayamba kuchita chikasu. Ndinali nditangoyamba kumbali ya chitseko cha chimbudzi pamene mutu wa Fergus unatulukira pa mpanda, maso ali ofiira, kamera ili pakhosi.

"Madala, dikirani! Ndijambule kaye. Chithunzi cha pa chitini."

"Jambula."

Anajambula ali chiimire, anajambula atagwada, anajambula atagona chamimba pa udzu wonyowa. Anapempha kuti ndisunthe wilibala. Kenako anapempha kuti ndisunthe ine.

"Ndipo chonde, chimbudzichi musachipente. Musachiwongole. Thabwa logwalo mulisiye momwemo. Anthu ena a ku Hobart akufunsa ngati angamabwere kudzachiona Loweruka."

"Mkazi wanga anabzala hopuyu kuti anthu asachione."

"Eeh!" anatero Fergus, akufufuza foni m'thumba. "Mawu amenewo ndi abwino. Ndiwalembe pa chitini?"

"Lemba kuti pageti pali mayi wa ambulera."

Anaseka, koma anayang'ana kumsewu. Atachoka ndinabwezera wilibala pamalo pake n'kukwera makwerero. Hopu ameneyu amadulidwa kuyambira pamwamba, apo ayi amakokera denga pansi. Ndinali nditaiwala kuvala malaya a mikono yaitali, ndipo pofika pakati pa khoma anali atandikanda kale mpaka m'zigongono. Ndinamunyoza pang'ono, n'kupitiriza kudula.